Kodi Nyimbo Yobadwira m'Filimu Ingaime Payokha?

Nyimbo zambiri zimene anthu a m'badwo uno amatha kuziimba ndi mluzu popanda kudziwa amene adazipeka, adazimva koyamba maso ali pa kanema, pamene mtima wawo udali pa nkhani ya m'filimu, pa katuni ya ku Japan ya mtundu umene umatchedwa anime, kapena pa gemu ya pakompyuta imene zala zawo zinkalimbana nayo. Nyimbo zoterozo zimapekedwa kuti ziperekeze zithunzi, ndipo kuyambira m'chaka cha 1938, pamene nyimbo za m'filimu ya Walt Disney yotchedwa Snow White and the Seven Dwarfs zidagulitsidwa pazokha, makampani akhala akuzichotsa m'mafilimu ndi kuziika pa zimbale kuti anthu azizimvetsera popanda choonera. Mchitidwewu umadzutsa mafunso awiri amene amaoneka ngati a pamsika chabe, chikhalirecho mizu yake ili mu filosofi, maphunziro aja ofufuza chenicheni cha zinthu. Funso loyamba ndi lakuti kodi nyimbo imene idabadwira kutumikira chinthu china ingakhale ndi moyo wakewake ikalekanitsidwa ndi chimene inkatumikiracho, ndipo lachiwiri ndi lakuti kodi munthu amene wagula chimbale amakhala ndi chiyani kwenikweni, popeza nyimbo imatha pomwe ikumvekapo. Aliyense wofuna kulangiza mnzake za zimbale zoyenera kutayirapo ndalama amakhala atayankha kale mafunsowa mumtima mwake, ngakhale asakudziwa kuti wawayankha.

Amene amanyoza nyimbo za m'mafilimu ali ndi akuluakulu odalirika kumbuyo kwawo. M'chaka cha 1854, Eduard Hanslick, katswiri wounika nyimbo wa mumzinda wa Vienna, adalemba buku lotsindika kuti kukongola kwa nyimbo kuli m'kayendedwe ka mawu a zida zoimbira zokha, mmene akukwerera, kutsika, kukumana ndi kupatukana, ndipo sikudalira nkhani kapena chithunzi chilichonse chochokera kunja. Maganizo amenewa adalimbikitsa chikhulupiriro chakuti nyimbo yapamwamba ndi imene ilibe ntchito ina koma kumvedwa basi. Patapita zaka pafupifupi zana, Theodor Adorno ndi Hanns Eisler, amene adathawira ku America pothawa ulamuliro wa Hitler, adalembera limodzi buku la Composing for the Films lomwe lidatuluka mu 1947, mmene adadzudzula makampani a ku Hollywood chifukwa chosandutsa nyimbo kukhala chouzira woonera nthawi yolira ndi nthawi yochita mantha. Nayenso Claudia Gorbman, m'buku lake la 1987 lotchedwa Unheard Melodies, adafotokoza kuti lamulo la filimu yachikale lidali lakuti nyimbo igwire ntchito yake woonera asakuizindikira. Ngati zili choncho, ndiye kuti kugula chimbale cha nyimbo zoterezi n'kugula chinthu chimene adachipanga dala kuti chisamvetseredwe.

Mfundoyi ili ndi mphamvu, koma ili ndi chilema chachikulu, chifukwa imaiwala kuti nyimbo zambiri zimene mtundu wa anthu udapeka zidali za pantchito. Johann Sebastian Bach atafika ku Leipzig mu 1723, ankalemba nyimbo za kwaya zoti ziimbidwe pa Lamulungu lakutilakuti mogwirizana ndi mawu a m'Baibulo a tsikulo, ndipo Requiem ya Mozart ya 1791, yomwe ndi Misa yopempherera akufa, adachita kumulemba ganyu munthu wina wolemera amene mkazi wake adamwalira. Lero nyimbozi zimamvedwa m'maholo ndi m'nyumba za anthu amene sadalowepo m'tchalitchi, koma palibe amene amati n'zotsika chifukwa chakuti zidali ndi mbuye. Owerenga Chichewa safunika kuwafotokozera zambiri pa mfundoyi, poti kwawo kulibe nyimbo yachikhalidwe yopanda malo ake: ya pamtondo imayendera kugunda kwa munsi, ya pamaliro ili ndi nthawi yake ya usiku, ndipo ng'oma za gule wamkulu zimatsata mapazi a chilombo chimene chili m'bwalo. Pamene Hugh Tracey ankajambula nyimbo za pamtondo ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, n'kuzisunga ku International Library of African Music imene adaikhazikitsa mu 1954, adachita zomwezo zimene kampani ya zimbale imachita ndi filimu, ndiko kutenga mawu n'kusiya chochitikacho. Zina mwa nyimbo zimene adajambulazo zimagwirabe mtima wa munthu amene sadagwirepo munsi, pamene zina zimamveka zoperewera chifukwa mphamvu yake idali m'thukuta ndi m'macheza a amayi osinjawo. Choncho kutumikira pakokha sikutsitsa nyimbo; chofunika kufufuza ndi chakuti wopekayo, potumikira, adasiyamo chinachake chotha kupirira kulekanitsidwako kapena ayi.

Pali nyimbo zina zopekedwa mwaluso kwambiri zimene siziyenera kutuluka m'filimu mwake. Bernard Herrmann adalemba nyimbo za filimu ya Alfred Hitchcock yotchedwa Psycho, ya 1960, pogwiritsa ntchito zida za zingwe zokhazokha, ndipo pamene mayi wa m'nkhaniyo akubayidwa m'bafa, mavayolini amalira mokuwa, mawu amodzi obwerezabwereza, akuthwa ngati mpeni umene ukutsikawo. Hitchcock poyamba ankafuna kuti gawolo likhale lopanda nyimbo, koma atamva zimene Herrmann adalemba adasintha maganizo. Luso limeneli n'losatsutsika, komabe munthu amene angaike gawolo m'nyumba mwake madzulo akupuma sapezamo kanthu koma chikumbutso cha zimene maso adaona, chifukwa tanthauzo lake lonse lili pa mpeniwo. Mbali ina ya nkhaniyi imaoneka m'tinyumba toonetsera mafilimu ta m'matauni a ku Malawi, mmene mafilimu akunja amaonetsedwa atamasuliridwa m'Chichewa: womasulira akayamba kulankhula, mawu a filimuyo amatsitsidwa, ndipo akapuma amakwezedwanso, kotero kuti nyimbo imafika kwa oonera ili zidutswazidutswa, koma nkhani imayendabe ndipo oonera amaseka ndi kukuwa pamalo oyenera. Zimenezi zikusonyeza kuti m'mafilimu ambiri nyimbo ndi yongodzaza malo, ndipo chimbale chake sichiyenera ngakhale kwacha imodzi. Muyeso wabwino ndi wakuti nyimbo yoyenera kukhala nayo ikhale ndi ulendo wakewake, poyambira, pokulira ndi pofikira, umene khutu lingautsate chithunzi chitachotsedwa.

Opeka nyimbo ena adaudziwa muyeso umenewu ndipo adauyesa pa ntchito zawo zomwe. Sergei Prokofiev atalemba nyimbo za filimu ya Sergei Eisenstein yotchedwa Alexander Nevsky mu 1938, sadangozisiya mmene zidalili, koma chaka chotsatira adazikonzanso kukhala kantata, kutanthauza nyimbo yaitali ya kwaya ndi gulu la zida yokhala ndi zigawo zingapo, ndipo adalumikiza tizigawo tatifupi kuti tikhale thupi limodzi. Kantata imeneyi ndiyo yoyenera kugula, makamaka chifukwa cha gawo la nkhondo ya pa nyanja youndana ndi la mayi woimba yekha pofunafuna akufa. Chitsanzo china chodabwitsa ndi cha Alex North, amene adalemba nyimbo za filimu ya Stanley Kubrick ya 1968 yotchedwa 2001: A Space Odyssey, koma Kubrick adazikana n'kuikamo nyimbo za Richard Strauss, Johann Strauss ndi György Ligeti. Nyimbo za North zidajambulidwa mu 1993 motsogozedwa ndi Jerry Goldsmith, mwiniwake atamwalira kale, ndipo chimbalecho ndi cha filimu imene sidaimbepo nyimbozo, moti womvetsera alibe chithunzi choti atsamirepo kupatula luso la wopekayo.

Pakati pa onse, Ennio Morricone wa ku Italy, amene adamwalira mu 2020, ndiye akusokoneza kwambiri chiganizo chakuti chithunzi ndi mbuye ndipo nyimbo ndi wantchito. Pokonza filimu ya Once Upon a Time in the West ya 1968, iye adalemba nyimbo filimu isanajambulidwe, ndipo Sergio Leone ankaziika kuti zizimveka pamalo ojambulira kuti ochita sewero aziyenda ndi kutembenuka motsata nyimbozo. Munthu aliyense wamkulu m'nkhaniyo ali ndi chuni chake: mayi wamasiye Jill amaperekezedwa ndi mawu a Edda Dell'Orso amene amakwera popanda kutchula liwu lililonse, pamene mlendo wopanda dzina amadziwika ndi kulira kopweteka m'khutu kwa hamonika, kachida kakang'ono koimba ndi pakamwa. Woonera amamva kulirako kambirimbiri asakudziwa chifukwa chake, kufikira kumapeto pamene zimaululika kuti mlendoyo ali mnyamata adamukankhira hamonika m'kamwa mkulu wake ataimirira pamapewa pake chingwe chili m'khosi, moti mawu osalongosokawo ndi kupuma kwa mwana amene mawondo ake akulefuka. Apa nyimbo ndiyo idasunga chinsinsi cha nkhani yonse, ndipo pa chimbale chinsinsicho chimamvekabe monga chisoni chimene chikufuna kubwezera, ngakhale kwa munthu amene sadaonepo filimuyo.

Chimbale cha Morricone chimene chili patsogolo pa zonse, komabe, ndi cha The Mission, filimu ya Roland Joffé ya 1986 yonena za ansembe a chipani cha Ajezuwiti pakati pa anthu a mtundu wa Guaraní ku South America m'zaka za m'ma 1750. Wopekayo adatenga zinthu zitatu, chuni cha oboe, chitoliro cha mawu opyapyala chimene wansembe Gabriel amaimba pokopa eni nkhalango, kaimbidwe ka kwaya ya tchalitchi cha ku Ulaya, ndiponso ng'oma ndi mawu odukizadukiza oimira a Guaraní, n'kuzilemba mwakuti chilichonse chitha kumveka pachokha komanso zonse zitatu zitha kumveka nthawi imodzi osalimbana. M'filimu muja mgwirizano wa anthu amenewa umathera m'magazi, asilikali a Spain ndi Portugal atawotcha mudzi wa mishoni, koma m'nyimbo yotchedwa On Earth as It Is in Heaven zitatu zija zimakumana n'kukhala chinthu chimodzi. Motero nyimbo ikunena zimene chithunzi chikukana, ndiko kuti chiyanjano chimene mbiri idachiphwanya chidali chotheka. Kuti chimbalechi sichidapate mphoto ya Oscar mu 1987 ndi chimodzi mwa zigamulo zimene okonda nyimbo sadazivomerezebe mpaka lero.

Ku Japan mwambo wolemba nyimbo chithunzi chisanamalizidwe udakhazikika kwambiri, ndipo mwina n'chifukwa chake zimbale za anime zimapirira bwino kulekanitsidwa. Nyimbo za Akira, filimu ya Katsuhiro Otomo ya 1988, zidaimbidwa ndi gulu la Geinoh Yamashirogumi, la anthu ambirimbiri ogwira ntchito zosiyanasiyana amene kuimba si ntchito yawo yodyera, motsogozedwa ndi Shoji Yamashiro, dzina limene wasayansi Tsutomu Ohashi amagwiritsa ntchito poimba. Gululi lidasakaniza jegog, mangolongondo akuluakulu a nsungwi a pa chilumba cha Bali, ndi mapemphero oimbidwa a ansembe a Chibuda, kaimbidwe ka zisudzo zakale za noh ndi makina a nyimbo amakono, ndipo m'malo ena mumangomveka kupuma kwa anthu ambiri akutulutsa mpweya pamodzi. Filimuyo idangotengako zidutswa, kotero kuti chimbale cha Symphonic Suite Akira n'chachikulu kuposa zimene woonera amamva, ndipo chimatha ndi nyimbo yaitali yolira akufa. Chofanana nacho pa kulemera ndi ntchito ya Kenji Kawai mu Ghost in the Shell ya Mamoru Oshii, ya 1995, filimu yofunsa ngati chinthu cha thupi la makina chingakhale ndi mzimu. Kawai adalemba nyimbo ya ukwati m'Chijapani chamakedzana, naipereka kwa amayi oimba nyimbo za kumudzi a mawu akuthwa, m'kalumikizidwe ka mawu kotengera makwaya a ku Bulgaria, ndipo zotsatira zake zimamveka ngati mwambo wa chipembedzo chimene kulibe amene amachidziwa.

Za Joe Hisaishi, amene wagwira ntchito ndi Hayao Miyazaki kuyambira pa Nausicaä of the Valley of the Wind mu 1984, n'zokwanira kunena kuti kawirikawiri ankayamba watulutsa chimbale chongoyerekeza filimu imene ikubwera, potengera zojambula ndi mawu ochepa amene Miyazaki adamupatsa, ndipo nyimbo za m'filimu zenizenizo zinkaphuka kuchokera mmenemo. Princess Mononoke ya 1997 ndi Spirited Away ya 2001 ndizo zokhwima kwambiri, pamene My Neighbor Totoro ya 1988 imakoma koma imatsamira kwambiri pa chikondi chimene munthu ali nacho kale pa filimuyo. Yoko Kanno naye adasonkhanitsa gulu la Seatbelts kuti liimbe jazi ndi buluzi za Cowboy Bebop mu 1998, ndipo chimbale chake choyamba chingaikidwe pa shelefu ya zimbale za jazi popanda wina kufunsa kuti katuni yake ili kuti.

Nyimbo za m'magemu zili ndi vuto lawolawo limene limafika pa phata la funso lonseli. Filimu ili ndi utali wodziwika, koma gemu imatalika monga mmene woseweayo akuchedwera, choncho wopeka sadziwa ngati nyimbo yake imveka kamphindi kapena tsiku lathunthu, ndipo njira yakale yothetsera vutoli idali kulemba nyimbo yozungulira, imene mapeto ake amalowa m'chiyambi chake popanda msoko. Makina a Famicom a kampani ya Nintendo, amene adatuluka mu 1983, ankatha kutulutsa mizere isanu yokha ya mawu nthawi imodzi, itatu mwa iyo ndiyo ya chuni, ndipo mizere yomweyo inkafunikanso pa phokoso la masewerawo, moti Mario akadumpha kapena kutola ndalama, mzere umodzi wa nyimbo unkayamba wasiya kaye kuti phokosolo lidutse. M'kuchepekedwa kotereku Koji Kondo adalemba nyimbo ya Super Mario Bros. ya 1985, naigwirizanitsa ndi liwiro la kuthamanga ndi kudumpha kwa kamunthuko, ndipo nyimbo yosakwana mphindi ziwiriyi imatha kumveka kambirimbiri osatopetsa. Mu 2023 Library of Congress ya ku America idaiika m'kaundula wa zojambulidwa zoyenera kusungidwira mibadwo yam'tsogolo, koyamba kuti nyimbo ya m'gemu ilandire ulemu umenewo. Nyimbo imene idapangidwa kuti ipirire kubwerezedwa idayesedwa kale pa muyeso womwewo umene chimbale chilichonse chogulidwa chimakumana nawo m'nyumba ya mwiniwake.

Nobuo Uematsu adatambasula luso limeneli mu Final Fantasy kuyambira 1987, ndipo pachimake pake ndi Final Fantasy VI ya 1994, mmene munthu aliyense wa m'nkhaniyo ali ndi chuni chake chimene chimasintha nkhani ikamasintha, ndipo nkhondo yomaliza yolimbana ndi wamisala amene wadzisandutsa mulungu imaperekezedwa ndi Dancing Mad, nyimbo ya mphindi zoposa 15 yotsanzira limba la m'tchalitchi pa makina a mphamvu zochepa. Chrono Trigger ya Yasunori Mitsuda, ya 1995, ili m'gulu lomweli. Koma magemu amakono abweretsa funso lovuta, chifukwa nyimbo zake zimasintha motsata zochita za wosewera. Mu Journey ya 2012, Austin Wintory adapereka udindo woimira wosewerayo kwa chelo, vayolini wamkulu wa mawu otsika, ndipo zida zina zimalowa ndi kutuluka malinga ndi kumene woyendayo wafika, kotero kuti anthu awiri samva nyimbo yofanana ndendende. Chimbale chake, chimene chidali choyamba cha gemu kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy ya nyimbo za m'zoonera, ndi ulendo umodzi wokha umene wopekayo adasankha mwa maulendo osawerengeka. Shadow of the Colossus ya 2005 imataya zambiri koposa, poti mphamvu ya nyimbo za Kow Otani ili m'chete wautali umene wosewera amayendamo pa kavalo asanakumane ndi chimphona, ndi m'kusintha kwa nyimbo kukhala yachisoni chimphonacho chikagwa, pamene wosewera amayamba kukayika ngati wachita bwino kuchipha. Chimbale chimasunga nyimbozo, koma sichingasunge kupalamula kwa amene adakanikiza batani.

Pamenepa wotsutsa anganene kuti okonda zimbale zimenezi sakonda nyimbo koma ubwana wawo, ndipo kuti chimene amagula ndi chikumbutso cha masana amene adakhala pa mkeka ndi abale awo akulandizana gemu. Chonenachi n'choona kwa ambiri, ndipo si chochititsa manyazi, poti nyimbo za pamaliro nazo zimaliritsa anthu chifukwa cha amene adawaika m'manda zikuimbidwa. Cholakwika chimabwera pamene munthu wasokoneza chikumbutso chake ndi luso la nyimbo, n'kumalangiza ena kuti agule chimene kwa iwo chilibe mbiri. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi: nyimbo imene imagwira munthu amene sadaonepo filimuyo kapena kusewera gemuyo ili ndi chuma chakechake, pamene imene imafuna kuyamba yafotokozedwa kuti pamenepa ndi pamene wakutiwakuti adafa ndi ya mwini chikumbutsoyo yekha.

Funso lachiwiri lija, la chimene wogula amakhala nacho, Augustine wa ku Hippo, mzinda umene lero uli m'dziko la Algeria, adalifika pafupi m'buku lake la Confessions lolembedwa cha m'ma 400. Pofufuza chimene nthawi ili, iye adapereka chitsanzo cha munthu woimba salimo limene amalidziwa: asanayambe, salimo lonse lili m'chiyembekezo, akamaimba, gawo loimbidwa limasamukira mumtima wokumbukira zakale, ndipo limene lilipo pa kamphindi kalikonse ndi liwu limodzi lokha limene likudutsa. Nyimbo yathunthu, tsono, siipezeka paliponse kunja kwa mtima wa womvera, umene umagwira zapitazo ndi kudikira zikubwerazo. Ngati Augustine adalondola, palibe munthu amene angakhale mwini nyimbo monga amakhalira mwini njinga, ndipo chimene chili pa shelefu ndi chida chabe choitanira nyimboyo kuti idzadutsenso. Koma chidacho si chachabe, chifukwa kumva kwachiwiri n'kosiyana ndi koyamba: womvera amene akudziwa kumene chuni chikupita amamva mmene wopeka akuchedwetsera kufikako, ndipo ndi pa kumva kwa khumi pamene amazindikira kuti chuni cha oboe cha Gabriel chabisala pansi pa kwaya. Kukhala ndi chimbale n'kukhala ndi ufulu wobwereza kumva popanda kupempha kwa wina aliyense, ndipo chimbale choyenera kugula ndi chimene chimaonjezera kanthu pa kumva kulikonse.

Ufulu umenewu wachepa m'nyengo ino ya nyimbo za pa intaneti, ngakhale nyimbozo zachuluka kuposa kale. Munthu wolipira Spotify kapena Apple Music mwezi ndi mwezi amabwereka chabe, ndipo chimbale chimatha kusowa usiku umodzi mgwirizano wa makampani ukatha. Pulogalamu ya Nintendo Music imene idayamba mu 2024 imatseguka kwa okhawo amene akulipirabe umembala wawo. Boma la California mu 2024 lidachita kukhazikitsa lamulo lokakamiza ogulitsa zinthu za pa intaneti kuti aziulula pamene chimene akuti chagulidwa chili chilolezo chongogwiritsa ntchito. Mbiri ikusonyezanso kuti eni nyimbo si asungi odalirika nthawi zonse: chimbale chovomerezeka cha nyimbo za Vangelis za mu Blade Runner ya 1982 chidatuluka mu 1994, patatha zaka 12 anthu akudalira makope ozembetsa, ndipo moto umene udabuka ku Universal Studios mu 2008 udapsereza matepi oyambirira a nyimbo ochuluka kwambiri. Kwa womvera wa kumene bandulo imatha msanga ndipo netiweki imabwera ndi kupita, mwambi wakale uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ukulongosola bwino kusiyana kwa nyimbo imene ili pa sidi kapena pa memore khadi ndi imene ili pa makina a kampani ya kutsidya la nyanja.

Komabe kukhala nacho chinthu kuli ndi mbali ya chilungamo imene siyenera kulumphidwa, poti kuseri kwa nyimbo iliyonse kuli munthu amene adaipeka. Solomon Linda adajambula Mbube ku Johannesburg mu 1939, ndipo nyimboyo, itasandulika The Lion Sleeps Tonight, idamveka dziko lonse mpaka kulowa mu The Lion King ya 1994, koma iye adamwalira ali mmphawi mu 1962, ndipo ana ake adayamba kupezapo zoyenera pambuyo pa mgwirizano wa 2006. Ku Malawi bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze opeka ku mchitidwe wofanana ndi umenewu, umene pamlingo waung'ono umachitika tsiku ndi tsiku m'timaokala tothirira nyimbo m'mafoni. Amene wathiritsa chimbale pa mtengo wa chitumbuwa ali nawo ufulu wobwereza uja, koma waupeza podumpha amene adaupanga.

Nyimbo imodzi ikusonkhanitsa nkhani zonsezi m'njira imene Hanslick sakadayembekezera. Christopher Tin adapeka Baba Yetu kuti ikhale yotsegulira gemu ya Civilization IV ya 2005, gemu imene wosewera amamanga ufumu, kuchita malonda ndi kugonjetsa mitundu ina, koma mawu a nyimboyo ndi pemphero la Atate Wathu m'Chiswahili. Itajambulidwanso ndi Soweto Gospel Choir pa chimbale cha Calling All Dawns, idapata Grammy mu 2011, ndipo idakhala nyimbo yoyamba yopekedwera gemu kulandira mphotoyo. Lero makwaya a m'masukulu ndi m'matchalitchi a m'maiko ambiri amaiimba, ambiri osadziwa kumene idachokera. Augustine yemwe uja adavomereza kuti ankachita mantha pamene kukoma kwa chuni kunkamugwira koposa mawu opatulika amene akuimbidwa, ndipo m'gemu muja mantha akewo adakwaniritsidwa, chifukwa osewera ambiri ankasangalala ndi pemphero limene sankadziwa kuti ndi pemphero. Koma nyimboyo itatuluka m'gemu n'kufika pakamwa pa oimba amene amamva mawu ake, idabwerera ku ntchito imene mawuwo adalembedwera. Apa kulekanitsidwa ndi chithunzi kudaionjezera tanthauzo m'malo moichotsera.

Wowerenga amene ndalama zake zingakwanire zimbale zochepa ayambe ndi The Mission, atsatize Symphonic Suite Akira ndi Final Fantasy VI, ndipo akapeza mpata awonjezere kantata ya Alexander Nevsky ndi Princess Mononoke, azigula kumene wopeka kapena ana ake amalandirako gawo lawo. Psycho ndi Shadow of the Colossus azisiye kumene zidabadwira, chifukwa njira yabwino yozimvera ndi kuonera filimuyo ndi kusewera gemuyo.